Za mpini wa mopu uja

Amene mwaona kale kavidiyo kaja, inde, ndine. Ndine amene ndawerama pa injini, tayi ili paphewa, ndikugogoda m'kati ndi mpini wa mopu ngati ndikusaka khoswe kuseri kwa kabati. Amene anajambulayo ndamudziwa, tidzaonana. Koma musanandipatse dzina latsopano, imvaniko mbali yanga.

AC ya galimoto yanga, makina oziziritsa m'kati aja, inali ndi mtima wa munthu amene ali nawe ngongole. M'mawa injini isanatenthe, ulemu wokhawokha, kamphepo kozizira bwinobwino. Dzuwa likafika paliwombo, pamene ndikuifuna zenizeni, zii, yazimitsa foni. Ndikapita nayo kwa makaniko, inkagwira ngati yatsopano. Ulendo wachiwiri mkulu uja anaika dzanja potulukira mpweya, kenako n'kundiyang'ana mwachisoni: "Bwana, koma m'thupimu muli bwino?"

Ndiye ndinayamba udokotala ndekha. Ndinawonjezera gasi wa R134a, osadziwa kuti akachulukitsa, switchi ya pulesha imazimitsa kompuresa, pampu yopopa gasiyo, monga imachitiranso akachepa. Ndinabwerera kwa makaniko yemwe uja kuti achotseko, mutu uli pansi. Fuyuzi inali yamoyo. Relay, switchi yotumiza magetsi ku kompuresa, ndinaisinthanitsa ndi ya hutala poti zinali zofanana, hutala inalira bwinobwino, AC n'kupitiriza mwano wake. Koilo ya kilatchi ya kompuresa, imene imapanga maginito, ndinaiyeza ndi mita, ma ohm 4, palibe mlandu. Magetsi akufika, ma volt 12 onse. Koma pule ya kompuresa ikungozungulira yokha ndi lamba, kambale kakutsogolo kali duu.

Kambale kameneka kamakokedwa ndi maginito, n'kumamatira ku pule, kompuresa n'kuyamba ntchito. Mpata wa pakati pake umayenera kukhala cha m'ma 0.5 mm. Wanga unali utadyeka mpaka kuyandikira milimita yathunthu. Koilo ikatentha maginito amafooka, ndiye kambale kamalephera kudumpha mpatawo pokhapokha wina akakankhe. Kugogodako ndi njira yeniyeni yoyezera, amakaniko amachita, anthu inu. Mlandu wanga ndi wakuti zoyezerazo ndinazisandutsa mankhwala kwa milungu itatu.

Tsiku la kavidiyolo ndinali nditanyamula apongozi aamuna, atavala jekete. Thukuta linayamba kuwatsika m'khosi, iwo osanena kanthu. Ndinaima pambali, ndatsegula buti, ndatulutsa mopu. Dziwani kuti mutu wake sindinachotse, chifukwa madamu ankaifunabe kunyumba. Ndiye kuti zingwe zake zisakodwe mu lamba ndinaigwira chozondotsa, mpini kunsi, zingwe zonse zili wirawira pamutu panga ngati wigi ya jaji. Go. Palibe. Go, go. Zingwe zikundilowa m'kamwa, zikununkha sopo wa dzana. Ndinasuzumira pansi pa boneti n'kuona maso a apongozi pagalasi, osaphethira, maso a munthu amene akuwerenga zaka zimene mwana wake wataya. Ndinagogodanso kachitatu, mwaulemu, ngati ndikuodira pakhomo la eni. Tha! Kambale kanagwira.

Vuto n'lakuti kompuresa imadzizimitsa yokha ikaziziritsa mokwanira, ndipo kuti iyambenso inkafuna mpini. Tinaima kanayi. Kachiwiri anatsokomola. Kachitatu anandipatsira okha mopu kuchokera kumpando wakumbuyo, maso ali kutsogolo. Kachinayi anati, "Apongozi, kodi mawindowa satseguka?"

Amatseguka. Sindinaganizeko.

Loweruka lotsatira ndinamasula bawuti yapakati, ndasolola kambale, kuseri kwake n'kupeza timawashala titatu topyapyala kuposa chikhadabo. Ndinachotsa kamodzi, ndabwezera, ndayeza mpata ndi feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera mipata: 0.5 mm ndendende. Mphindi 20 basi. Milungu itatu ya manyazi, gasi wogula pachabe, mbiri yanga kuchipongozi, zonse chifukwa cha kachitsulo kamene kanandipulumuka m'manja n'kugwera m'fumbi, mpaka lero sindinakaone.

Apongozi ndinawaimbira kuwauza kuti yatheka. Anati zikomo, koma ulendo wotsatira wina walonjeza kale kuwanyamula.

Chikonzereni mvula sinakate, kukuzizira, ndiye AC yo sindinaiyese padzuwa lenileni. Mopu ikadali mu buti. Madamu anagula ina.