Chilembo cha P chija ndachimvetsa tsopano

Mtima wakhala pansi lero. Miyezi itatu yathunthu ndakhala ndikuzunguzika mutu ndi ndalama zasiliva za America the Beautiful, zikuluzikulu za ma aunsi asanu zija, zomwe US Mint, bungwe la boma la America lopanga ndalama zachitsulo, inayamba kutulutsa mu 2010 ndi Hot Springs n'kumalizira Tuskegee Airmen mu 2021, zonse 56, iliyonse ndi chithunzi cha paki kapena malo ena otchuka a ku America. Ndinkaona ndalama ziwiri za paki ya Yellowstone, kasupe wotentha wa Old Faithful yemweyo, njati yomweyo, kulemera kofanana, koma mitengo yotalikirana kwambiri. Ndinkangoti pali wina akufuna kundidyera masuku pamutu.

Kani nkhani yonse yagona pa kachilembo ka P, kuseri kwa khosi la George Washington, pulezidenti woyamba wa America, yemwe mutu wake uli pa ndalamazi. Zonse zinapangidwira ku Philadelphia, inde, koma yopanda chilembo ndi ya bullion, yogulira siliva wake chabe, yonyezimira, ndipo mtengo wake umayendera mtengo wa siliva wa tsiku limenelo kuphatikiza kaphindu ka wogulitsa. Ya P ndi yosanyezimira, Mint inkagulitsa yokha kwa osonkhanitsa, m'kabokosi, ndi satifiketi. Pamenepo ukulipirira siliva, ukulipiriranso kusowa kwake. Masenti 25 olembedwa pamenepo aiwaleni, ndi dzina chabe.

Chandithandiza ndi kope. Ndimalemba mtengo wa siliva wa lero, kuchulukitsa kasanu, kenako kuchotsera pa mtengo womwe akunditchulira. Chotsalacho ndi chimene ndikulipirira chithunzi cha paki. Kunena zoona, sindikuona chifukwa chowerengera mabuku a za ndalamazi munthu ukakhala ndi kope ndi sikelo. Sikeloyo inandichititsanso manyazi: ndinayika Grand Canyon yanga, inawerenga magalamu 155, ine ndikuyembekezera 142, n'kuyamba kukayika ngati ndi yeniyeni. Ndinawerengera aunsi ya kukhitchini, pomwe siliva amayezera aunsi ya troy, ya magalamu 31.1.

Chondinyansa n'chakuti abambo ena achikulire omwe ndimawafunsa zimenezi akanandiuza za P tsiku loyamba lomwe. Iwo ayi, ola lonse akukamba za magiredi osonyeza kusungika bwino kwa ndalama, MS69 uku, MS70 uko, ine ndikungogwedeza mutu. Nthawi yokumana nawo ndi Loweruka lokha, nditatopa kale ndi ntchito.

Panopa ndili nazo zinayi, zonse zopanda P. Kaya ndilimbane nazo mpaka zikwane 56, kaya ndingosankha mapaki omwe ndimawakonda, sindinaganize bwino. Yosemite yokhayo ndiye ikundikopabe.