Mmene ndinaphunzirira kuonetsa anthu zinthu zosaoneka ndi maso

Nditalembetsa kuti ndizithandiza mongodzipereka pa myuziyamu ya sayansi, anandiika m'gulu lophunzitsidwa za nano, sayansi ya tinthu tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso. Ife ongodzipereka ndi ogwira ntchito a pamalopo tinakhala pamodzi, popeza nkhaniyi tonse inali yachilendo.

Tsiku loyamba aphunzitsi athu, mayi odekha kwambiri, analemba pabolodi kuti mita mukaigawa magawo biliyoni imodzi, gawo limodzilo ndiye nanomita. Tinagwedeza mitu, koma palibe chinalowa. Biliyoni mutu suigwira. Ndiye anati, "Tayang'anani chikhadabo chanu, muwerenge mpaka khumi." Titamaliza anatiuza kuti chakula mananomita pafupifupi khumi, chifukwa chikhadabo chimakula pafupifupi nanomita imodzi pa sekondi. Apo m'pamene aliyense anakhala tsonga. Tsitsi limodzi kunenepa kwake ndi mananomita 80,000 mpaka 100,000, pamene ulusi wa DNA, umene umasunga malangizo a chibadwa m'thupi, ndi mananomita awiri okha.

Kenako anatigawira mabokosi a zipangizo. Limene ndinalikonda linali ndi maginito opyapyala aja omata pafiriji. Umadula kachidutswa kakatali n'kumakakoka pang'onopang'ono kumsana kwa maginito otsalawo. Ukakokera mbali ina kamayenda myaa, ukatembenuza kamadumphadumpha ngati pali mizere, chonsecho maso sakuona mzere uliwonse. Zala zikumva zimene maso alephera. Umu ndi mmene makina ounikira maatomu amagwirira ntchito: kansonga kakuthwa kamayenda pamwamba pa chinthu n'kumafufuza mmene pakhalira. Makina oyamba a mtunduwu anapangidwa ndi Gerd Binnig ndi Heinrich Rohrer ku kampani ya IBM mumzinda wa Zurich ku Switzerland mu 1981, ndipo analandira nawo mphoto ya Nobel mu 1986.

M'bokosi lina munali kabotolo ka madzi ofiira. Anatiuza kuti muli golide, ine ndinakana. Koma golide akasanduka tinthu tating'ono kwambiri amayamwa kuwala mosiyana, n'kuoneka wofiira. Wasayansi Michael Faraday analemba za zimenezi kale mu 1857. Mfundo yonse ya nano yagona pamenepa: chinthu chikachepetsetsa, khalidwe lake limasintha.

Chovuta chinadza pa gawo loyeserera. Wina amakhala mlendo, iwe n'kumuonetsa, aphunzitsi akuonerera. Ine ndinali nditaloweza zaka ndi mayina onse aja, ndipo ndinawatchula mosaphonya. Nditamaliza mayi aja anati, "Mwalankhula zoona zokhazokha, koma mlendo wanu manja ake anali m'thumba nthawi yonseyi." Zinandipweteka, koma sananame. Anandibwezera maginito aja kuti ndiyambirenso: choyamba mupatse chinthucho m'manja, umufunse zimene akumva, kenako udikire. Kudikirako n'kumene kunanditengera masabata. Pakangokhala zii, pakamwa pamayabwa kuti upereke yankho, komatu ukalipereka wamulanda munthu chimene akanatulukira yekha.

Za chitetezo anazitsindika. Botolo la madzi akuda otsatira maginito silitsegulidwa, chifukwa amadetsa koopsa. Ndipo mlendo akafunsa ngati tinthu ta nano tingavulaze thupi, sitiloledwa kungomutonthoza kuti zonse zili bwino. Timamuuza kuti zimadalira mtundu wa kanthuko, ndipo akatswiri akufufuzabe zimene timachita tikalowa m'mapapo kapena m'mitsinje. Lamulo limeneli ndimagwirizana nalo ndi mtima wonse, chifukwa anthu amabwera ku myuziyamu atatikhulupirira.

Ndinatha masiku angapo nditaima pambali pa mnzanga wozolowera ntchitoyi, kenako anandipatsa tebulo langa. Woyamba kufika anali kamtsikana ndi bambo ake. Ndinakapatsa mapiritsi awiri aja otulutsa thovu m'madzi, limodzi lathunthu, lina lophwanyaphwanya, ndi makapu awiri. Ndinakafunsa kuti liyambe kutha ndi liti. Kanaloza lathunthu, kakuti lalikulu ndiye lamphamvu. Kataponya, lophwanya lija linangoti fwaa n'kutha, linzake likadali pansi. Ndinatseka pakamwa. Kanayang'anitsitsa m'kapu, kenako kanakoka dzanja la bambo ake n'kunena kuti, "Ababa, madzi akuligwira mbali zonse nthawi imodzi!" Bambowo anandipempha piritsi lina kuti ayese okha.