Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Maliro a pa foni

Nditachoka kwa asuweni anga ku South Bend mu 2016, ndinapeza kachipinda ku Elkhart, mzinda wina wa m'chigawo chomwecho cha Indiana ku America, m'nyumba ya banja lina la ku Mexico. Bambo ankagwira ntchito pa fakitale, mayi ankakonza m'nyumba za anthu. Ana analipo atatu.

Chinayamba kundidabwitsa ndi galimoto. Inali ya bambo, koma chiwongolero sankachigwira. Ku Indiana wopanda mapepala sapatsidwa laisensi, ndipo wapolisi akakuimitsa chifukwa cha getsi limodzi lothima, nkhani ikhoza kukathera kwa a ICE, apolisi oona za olowa ndi kutuluka m'dziko, omwe m'nyumbamo ankangoti "la migra", motsitsa mawu. Ndiye mwana woyamba, wamkazi, ankadzuka 4 koloko m'bandakucha kukawatula ku ntchito. Iyeyu analowa m'dzikomo ali kumsana, ndipo anali ndi DACA, ndondomeko ya Obama ya 2012 ya amene analowa opanda mapepala ali ana: chilolezo cha ntchito chomakonzetsanso zaka ziwiri zilizonse. Aang'ono awiriwo anabadwira momwemo, nzika zenizeni. Mbale imodzi, koma boma linkawawerenga patatu.

Mu Novembala 2017 kunabwera uthenga woti amayi awo a mayi atisiya ku Michoacán, kwawo ku Mexico. Ine ndi Chimalawi changa ndinafulumira kufunsa kuti anyamuka liti. Zii. Kutuluka akanatuluka, koma pobwerera ndi chipululu cha m'malire chomwe anadutsa kale pobwera, mwinanso chiletso cholowanso m'dzikomo cha zaka 10 pamwamba. Wa DACA uja nayenso ayi, poti boma la Trump linali litasiya kupereka chilolezo choyendera kunja mu Seputembala. Amene anakwera ndege ndi mnyamata wa zaka 16, mmodzi wa aang'ono aja, woti agogo akewo ankangowadziwira pa foni.

Mwambo wonse tinauonera pa WhatsApp, foni ataitsamiritsa ku botolo la mafuta ophikira. Mnyamatayo anailozetsa kudzenje. Intaneti inkadukaduka, bokosi n'kuima m'malere, kenako n'kutsikanso. Mayi anagwira galasi la foniyo ndi zala ziwiri osalankhula.

Inu a ku Joni amene munaikitsa makolo muli kutali, simukufunika kuti ndikufotokozereni.

Masiku 9 otsatira ankapemphera kolona madzulo alionse. Chisipanishi sindinkachimva, Chikatolika si changa, komabe ndinkakhala nawo pansi monga timachitira pa siwa. Tsiku lachitatu ndinawapatsa envulopu ya chipepeso. Mayi anaitembenuza kawiri, n'kufunsa mwana wawo ngati ndalipiriratu lendi.