Inkaima pa 61 peresenti

Lolemba m'mawa foni inalira ndisanamwe n'komwe tiyi. Anali mayi amene amasunga makiyi pa kampani ina yoyeza malo ndi kujambula mapu ku Lilongwe, komwe ndimathandiza pa za makompyuta. "Achimwene, bwerani msanga. Seva ikungolira, mafayilo athu onse sakutseguka."

Sevayo, kompyuta yaikulu yosungira mafayilo a kampani yonse, inali ndi madisiki anayi a 2 TB aliyense, omangidwa pamodzi mwa RAID 5. Kamangidwe kameneka kamapirira disiki imodzi ikafa, koma zikafa ziwiri zonse zimathera pomwepo. Imodzi inali itafa kalekale popanda woona kanyali kofiira, ndipo yachiwiri inatsatira Loweruka. M'menemo munali pafupifupi 5 TB: zithunzi zojambulidwa ndi drone, mapu a minda ndi mapuloti, ntchito ya zaka zambiri. Mtima sunagunde kwambiri, chifukwa usiku uliwonse pulogalamu ya Windows Server Backup inkalemba backup, kope la mafayilo onse, pa disiki yakunja ya 8 TB, ndipo m'mawa uliwonse inkanena kuti zayenda bwino.

Vuto loyamba linali laling'ono. Tinagula disiki yatsopano ya 8 TB yoti tibwezeretserepo mafayilo, mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito n'kuilumikiza, koma kompyuta inangolola kugwiritsa ntchito 2 TB. Anali atasankha MBR, njira yakale yogawira malo pa disiki. Njira yakaleyi imawerenga ma sector, tizigawo ting'onoting'ono ta disiki, ndi nambala ya ma bit 32, ndiye ukachulukitsa ndi ma byte 512 a sector imodzi, malire ake amathera pa 2 TB. Tinasintha kukhala GPT, njira yatsopano, ndipo malo onse anaoneka. Cha m'ma 4 koloko madzulo ndinayambitsa ntchito yobwezeretsa, n'kuuza abwana kuti mawa anthu agwira ntchito.

Lachiwiri ndinapeza uthenga wofiira pa sikirini. Mlonda anandiuza kuti usiku magetsi anathima ndipo jenereta inachedwa kulira. Ndinangoti basi, chifukwa chake n'chimenecho, n'kuyambitsanso. Apa ndinalakwitsa, ndipo zinatidyera tsiku lathunthu. Ndikanatsegula log, kaundula wa zimene makina achita, ndikanaona kuti ntchitoyo inaima cha m'ma 11 koloko usiku, magetsi asanathime. Ndinakhulupirira chifukwa chimene ndinachizolowera m'malo mofunsa makinawo.

Kuwawa kwa backup yaikulu kuli pa nthawi. Disiki yolumikizidwa pa USB 3.0 ikamayenda pa 120 MB pa sekondi, 5 TB imafuna maola pafupifupi 12. Fayilo yaing'ono ukalakwitsa umayesanso kakhumi tiyi asanazizire. Apa kuyesa kamodzi ndi tsiku. Ndinakhala pambali pa sevayo kuyambira m'mawa, ndikuyang'ana kamzere kobiriwira kakukwawa. Patatha maola asanu ndi awiri, pa 61 peresenti, kanaima. Ndinagunditsa khutu pa disiki ya backup ija: inkalira "tiki, tiki", kupuma pang'ono, n'kubwerezanso. Kenako uthenga unabwera: "Data error (cyclic redundancy check)", kutanthauza kuti zimene zili pa disiki zakanika kuwerengeka bwino. Nditatsegula log ya dzulo lake, inali itaimanso pa 61 pomwepo. Magetsi sangathime pa malo amodzimodzi kawiri.

Lachitatu m'mawa ndinachotsa disikiyo pa seva, ndinadzutsa kompyuta ina ndi SystemRescue, pulogalamu yokonzera makompyuta ya pa fulashi, n'kugwiritsa ntchito chida cha smartctl kuona SMART, lipoti limene disiki imasunga la thanzi lake. Mzere wa 197, Current Pending Sector, umene umawerenga ma sector okanika kuwerengeka, suyenera kuchoka pa ziro. Unali utachokapo, chimodzimodzinso wa 198, umene nawonso umawerenga ma sector owonongeka. Disiki imene tinkaidalira nayonso inali kudwala.

Mnyamata uja anafunsa funso loyenera. "Koma akulu, nanga bwanji tsiku lililonse inkati successful?" Ndinamufotokozera kuti pulogalamuyi usiku imangolemba zigawo zimene zasintha tsiku limenelo. Zimene inalemba zaka ziwiri zapitazo siibwererakonso kukaziwerenga. Uthenga uja umangotanthauza kuti zalero zalembedwa, sunena kanthu za zakale. Mbali ya disiki ikhoza kuola mwakachetechete, ndipo umadzadziwa tsiku limene ukufuna kuwerenga kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Ine ndinkayesa backup imeneyi pobwezeretsa kafoda kamodzi kapena kawiri, n'kukhutira. Yonse yathunthu sindinaiyesepo, chifukwa panalibe disiki ina yaikulu yoyeserapo, ndipo sindinakakamire kuti igulidwe.

Tsiku limenelo abwana anabwera okha m'kachipinda ka seva. Anali ndi tenda yoti aipereke Lachisanu, ndipo mapepala ake onse anali m'menemo. "Tangotsegulani disikiyo mutichotsere foda imodziyo basi," anatero. Zinali zotheka, ndipo ndinawamvetsa. Koma disiki yodwala, nthawi iliyonse imene ukuikakamiza kuwerenga malo owonongeka, ikhoza kuferatu, ndipo kope lina kunalibe padziko lonse. Ndinati, "Bwana, ndipatseni mpaka mawa masana. Ndiyambe ndakopera disiki yonseyi kwina, kenako foda yanu ikhala yoyamba." Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu n'kutuluka. Sindinagone bwino usiku umenewo.

Ndinabwereka disiki ya 10 TB kwa mnzanga wa ntchito yomweyi. Yaikulupo ndinaifuna dala, chifukwa madisiki awiri olembedwa 8 TB si nthawi zonse amafanana ndendende, ndipo yolandira ikachepa ngakhale pang'ono kukopera sikutha. Chida chokopera ndi pulogalamu ya GNU ddrescue. Ndimachikonda chifukwa sichilimbana ndi malo ovuta poyamba. Chimathamangira kutenga zonse zowerengeka, kudumpha pokanika, n'kumalemba pamene chafika m'kafayilo kotchedwa mapfile. Magetsi akathima chimapitiriza pomwe chinasiyira. Chikamaliza m'pamene chimabwerera ku malo aja, sector imodzi imodzi. Tinaika kafani ka patebulo kuti kaziuzira disikiyo, ndipo waya wake tinaumata ndi selotepi kuti wina asaugunde.

Lachinayi kukucha, gawo loyamba linali litatha. Pofika 10 koloko, zosawerengeka zinatsala 24 KB zokha pa disiki yonse ya 8 TB. Kachinthu kochepa chonchi ndi kamene kanaimitsa kampani sabata yathunthu, chifukwa pulogalamu yobwezeretsa ikagunda sector imodzi yoipa imasiya ntchito yonse.

Apa pali msampha umene ambiri amagweramo. Pa kope latsopanolo malo aja sakanikanso kuwerengeka, amangokhala opanda kanthu, choncho fayilo yobooka imakopeka bwinobwino ngati yamoyo. Ukhoza kudzadziwa patapita chaka, munthu akufuna mapu a malire a munda pa mlandu. Ndinagwiritsa ntchito fill mode ya ddrescue kulemba mawu oti APA-PAWONONGEKA m'mabowo onsewo, kuti pambuyo pake ndifufuze fayilo iliyonse imene ili ndi mawuwo. Kenako ndinachotsa disiki yodwala ija, n'kuitsekera m'kabati.

Mwayi wathu unali woti kuyambira pa Windows Server 2012, backup imasungidwa ngati fayilo ya VHDX, imene imafika mpaka 64 TB, pomwe VHD yakale inkathera pa 2040 GB. VHDX umatha kuitsegula mu Disk Management ngati disiki wamba. Ndinaitsegula moti izingowerengedwa, ndinakopera foda ya tenda, ndinafufuzamo mawu aja, osawapeza. Isanakwane 1 koloko ndinaipereka pa fulashi. Mayi aja anailandira ndi manja awiri, n'kuthamanga nayo.

Zotsalazo ndinazisiyira robocopy, pulogalamu ya Windows yokopera mafayilo, usiku wonse, nditaika /R:1 ndi /W:1 kuti pa fayilo yovuta iziyesanso kamodzi kokha itadikira sekondi imodzi. Ukaiwala zimenezi, ikakumana ndi fayilo yovuta imayesa kokwana 1,000,000, n'kumadikira masekondi 30 pakati pake, ndipo m'mawa umaipeza ili pomwepo.

Lachisanu anthu anayamba kugwira ntchito, tenda inapita. Ine ndinakhala ndi abwana n'kuwalembera zofunika: madisiki awiri a backup osinthanasinthana, ina izigona kunja kwa ofesi, uthenga wa pa imelo disiki ya mu RAID ikafa, ndiponso disiki yapadera yoyeserapo kubwezeretsa zonse miyezi itatu iliyonse. Anasayina osafunsa mtengo kawiri.

Kufufuza mawu aja m'mafayilo onse kunatha Loweruka masana. Anapezeka m'mafayilo awiri, onse zithunzi za drone. Imodzi tinaipeza pa laputopu ya bambo amene anaijambula. Inayo inalibe kwina kulikonse. Ndinawaimbira foni n'kuwauza dzina la fayiloyo ndi tsiku limene inajambulidwa. Anaganiza pang'ono, kenako anati malowo akuwakumbuka, ndi munda wina kumbali ya Mitundu, ndipo apita Lachiwiri ndi drone kukajambulanso mvula isanayambe.