Zaka zisanu tikulemba mapulogalamu ku Ginnery Corner

Mwezi uno takwanitsa zaka zisanu chitsegulireni ofesi yathu ku Ginnery Corner mu Blantyre. Tidayamba mu 2020 tili atatu, tili ndi malaputopu awiri ndi tebulo lomwe mayi anga adatichotsera pabalaza. Lero tilipo asanu ndi awiri, ndipo pulogalamu yathu yowerengera katundu ndi ndalama ikugwira ntchito m'masitolo, m'mafamase ndi m'maloji ku Blantyre, ku Zomba mpaka ku Mulanje. Ndikunyadira, sindibisa.

Amene mudabwerako ku ofesi kwathu cha m'ma 4 koloko masana mukudziwa kuti nthawi imeneyi ndi ya tiyi ndi mandasi, komanso ya mkangano. Mnzanga amene ndidayamba naye amalemba code (malangizo a pulogalamu) yake yonse mu Vim, pulogalamu yakale yolembera code, ndipo sagwira mouse ngakhale pang'ono. Amati zala zikachoka pa kiyibodi maganizo amabalalika. Bram Moolenaar, amene adatulutsa Vim mu 1991 ndipo ankapempha oigwiritsa ntchito kuti azithandiza ana a ku Uganda, atamwalira mu Ogasiti 2023, mnzangayu adakhala duu tsiku lonse ngati wafedwa m'bale. Anyamata ndi atsikana amene tidawalemba ntchito pambuyo pake onse ndi a VS Code, pulogalamu ina yolembera code ya Microsoft yomwe idatuluka mu 2015. Iwo amati: "Achimwene, inu mukulima ndi khasu thirakitala ili pabwalo." Iye amayankha kuti tsiku lomwe adzalowe pa seva (kompyuta yosungira mapulogalamu) ya kutali intaneti ikukwawa, adzalifuna khasulo. Mkangano wina ndi wa kasakidwe ka bug, kutanthauza cholakwika mu pulogalamu. Ena amamwaza dd(), lamulo loimitsa pulogalamu kuti ionetse zomwe zili m'kati, paliponse mu Laravel (maziko amene timamangirapo mapulogalamu athu) n'kumaona chotuluka, ena amati munthu wozindikira amayatsa Xdebug, chida chofufuzira zolakwika, n'kuyenda mzere ndi mzere. Ine sindiletsa macheza amenewa, ndipo chifukwa chake ndi chimene ndikufuna ndikuuzeni.

M'chaka chathu chachiwiri tidaika pulogalamu pa loji ina yomwe ili ndi bala. Patatha milungu itatu mwini wake adandiimbira foni atakwiya. Lipoti linkaonetsa kuti kashiya wa madzulo, mtsikana amene ankapereka ndalama 12 koloko usiku n'kuweruka, ankaperewera ndalama, makamaka Lachisanu ndi Loweruka. Anali atamuimitsa kale ntchito ndipo ankafuna kumudula malipiro. Mtsikanayo adabwera yekha ku ofesi kwathu, atanyamula kope lomwe ankalembamo pamanja botolo lililonse lomwe wagulitsa. Adaliika patebulo nati: "Bwana, ine sindinabe. Onani nokha." Manja ake ankanjenjemera.

Tidasaka masiku atatu. Tidaphatikiza manambala mobwerezabwereza, tidaunika database (nkhokwe ya manambala onse), tidabwerera mu Git, momwe timasungira mbiri ya code, kuona chilichonse chomwe tidasintha mwezi wonse. Masamu onse ankatuluka bwinobwino. Tsiku lachitatu pa tiyi, titatopa, mnzanga wa Vim uja adasuzumira pa sikirini ya mtsikana wina amene anali wophunzira ntchito, akumuseka kuti log yake (kaundula wa zomwe pulogalamu ikuchita) yadzaza mitundu ngati chitenje. Kenako adasiya kuseka. "Asisi, log yanuyi ikuti 14:10, koma wotchi ya pakhoma ikuti 16:10. Bwanji?"

Nkhani yonse inali pamenepo. Laravel ukangoiika kumene imakhala pa nthawi ya UTC, yomwe dziko lonse limayezerapo nthawi, pomwe Malawi ali patsogolo ndi maola awiri. Mowa wogulitsidwa pakati pa 12 koloko usiku ndi 2 koloko m'bandakucha unkalembedwa pa tsiku la dzulo lake. Ndalama zomwe kashiya wa usiku ankalandira zinkawerengedwa pamutu pa wa madzulo, amene nthawiyo anali atagona kale kwawo. Kukonza kwake kudatenga mphindi zochepa: kusunga nthawi mu UTC koma malipoti kuwawerengera pa Africa/Blantyre, yomwe ndi nthawi ya Malawi. Chovuta chinali kukwera minibasi m'mawa mwake, kukaima pamaso pa mwini loji ndi antchito ake onse n'kunena kuti cholakwa chinali chathu. Tidabweza ndalama za mwezi umenewo, ndipo mtsikanayo adabwerera pa ntchito. Kuyambira tsiku limenelo palibe mzere wa code umene umapita kwa kasitomala usanawerengedwe ndi munthu wachiwiri, ndipo lipoti lililonse timaliyesa ndi malonda a pakati pa usiku.

Mavuto ena mukuwadziwa nonse. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, tinkagwira ntchito motsatira magetsi, nthawi zina 3 koloko usiku. Ndidapita ku bungwe lobwereketsa ndalama kukapempha ngongole yogulira inveta ndi mabatire, ndipo mkulu wa kumeneko adandiuza kuti code si chikole, ndibweretse mapepala a nyumba. Bambo, ngati mukuwerenga, inveta ija tidagula ndi thukuta lathu, ndipo ena mwa amene mumawakongoza akusungira mabuku awo mu pulogalamu yathu. Kwa wamalonda wina amene adatigulitsa malaputopu akale atawapukuta n'kumati ndi atsopano, batire yotha mphindi makumi awiri, sitidabwererekonso ndipo sititumizako aliyense. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa seva womwe timalipira m'madola udakwera usiku umodzi, koma makasitomala akale sitidawakwezere mpaka chaka chidatha.

Zikomo mayi anga chifukwa cha tebulo lija, likadalipo. Zikomo mkazi wanga, amene adadyetsa banja ndi malipiro ake a uphunzitsi miyezi yomwe ine ndinkabwera chimanjamanja. Zikomo mnzanga wa Vim, ndi nonse a VS Code amene mumamupirira. Zikomo mwini loji amene adatikhululukira n'kutitumiziranso anzake awiri. Zikomo mayi wa mandasi amene amatikongoza mwezi ukakhala pakati, ndi alonda a pa nyumba yathu amene amatidikira tikachedwa. Ndipo zikomo kwambiri asisi a kope lija, mudatiphunzitsa ntchito.

Ngati muli ndi sitolo, famase, bala kapena loji ndipo mukuwerengabe katundu m'kope, tabwerani tikambirane. Pulogalamu yathu imagwira ntchito ngakhale intaneti itadula, imasiyanitsa ndalama za m'manja ndi za Airtel Money kapena Mpamba, ndipo lipoti la tsiku mumalilandira pa foni muli kunyumba. Antchito anu timawaphunzitsa m'Chichewa, pamalo panu pomwepo. Mwezi uno wa chikondwerero, kuika ndi kuphunzitsa ndi kwaulere, mudzayamba kulipira mwezi wachiwiri. Mukafika cha m'ma 4 koloko, kapu ya tiyi mudzaipeza.