Mkonono wa amalume

Mutu wandigwira kuyambira m'mawa, kuwawa kuja kwa pamphumi komwe ndinali nditayamba kukuiwala. Chifukwa chake ndikuchidziwa, ndachezera pamaliro popanda makina anga a CPAP, ondithandiza kupuma ndikagona. Koma chandikhazika pano kuti ndilembe ndi mawu a amalume, akungobwererabwerera m'makutu.

Zovuta zinagwa kumudzi kwathu, kupitirira Chitakale cha kunjira ya ku Likhubula. Anatisiya ndi mayi wina wa pambumba pathu. Ndinafika madzulo chiperoni chitatsika m'phiri, minda ya tiyi osaoneka n'komwe. Amayi ali m'nyumba ya siwa akuimba, ife abambo tazungulira moto panja. Cha m'ma 9 ndinasendera kwa amalume, omwe ndi mwinimbumba, n'kuwanong'oneza kuti ndikagone kunyumba ku boma, ndilawirira adzukulu asanapite kumanda.

"Ukagone kuti?"

"Kunyumba, amalume. Paja ndinakuuzani za makina aja ndimagona nawo. Kuno kulibe magetsi."

Iwo sananong'oneze ayi.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, mkonono unayamba liti kukhala matenda? Agogo ako ankaliza mkonono womveka kutsidya kwa mtsinje, koma maliro onse a m'mudzi muno anagonapo. Tsiku lako likadzafika, ukufuna anthu adzabalalike kuti akagone ndi makina?"

Pamoto panangoti zii. Bambo wina anayankhulira pansi kuti awa ndi matenda a anthu a ndalama. Mnyamata wina, mwina pofuna kundithandiza, anati mwana wa mchemwali wake anabadwa masiku asanakwane ndipo anamuika pa makina otere ku Queens. Amanena Pumani, makina aja madokotala a ku Queens anapanga mogwirizana ndi yunivesite ya Rice ya ku America. Ananena zoona, nzeru yake ndi imodzi, koma amalume anangoti, "Wamva? N'za makanda."

Ndinakhala pansi. Sindinapitenso.

Zomwe ndinkafuna kuwauza zikubwera tsopano, pomwe palibe wondimvera. Kuti vuto si phokosolo. Munthu ukagona minofu ya pakhosi imafooka, lilime limabwerera m'mbuyo, ndipo kwa ena a ife njira ya mpweya imatsekeka. Chifuwa chimakoka koma palibe cholowa, mpaka ubongo umakudzidzimutsa kuti upume, iwe osadziwa kanthu. Madokotala amati sleep apnea, ndipo amawerenga mpweya ukaima kwa masekondi 10 kapena kuposa. Munthu wabwinobwino safika ka 5 pa ola. Zikafika ka 30 pa ola amati matenda akula. Ine atandiyeza pa chipatala china cholipira ndinali kupitirira pamenepo. Ola lililonse, usiku wonse, mtima ukuvutika. N'chifukwa chake BP yanga sinkamvera mankhwala, n'chifukwa chake ndinkasinza pa desiki dzuwa lili paliwombo. CPAP sipatsa munthu okosijeni monga anthu amaganizira akakumbuka nthawi ya Covid. Imangokankha mpweya wamba womwewu kudzera m'paipi ndi masiki kuti pakhosi pasatsekeke. Si zachilendonso, dokotala wa ku Sydney, Colin Sullivan, analemba za njirayi mu 1981.

Chomwe chandipweteka kwambiri n'choti amalume akuganiza kuti makinawa ndi chinthu chosangalatsa, chonyadira. Akanadziwa! Achimwene atawatumiza kuchokera ku Johannesburg ndinkayesa ndingovala n'kugona. Masabata oyamba ndinkadzuka pakati pa usiku masiki ili pansi, nditaivula ndekha kutulo. Kutulutsa mpweya kunkandivuta, uku makina akukankha uku ine ndikukankha, ngati kuyenda molimbana ndi mphepo ya mwera. Ndikamanga zingwe kwambiri, pamphuno pankatuluka chilonda. Ndikamasula, mpweya unkathawira m'maso mpaka kufiira. Kukamwa gwa, kouma. M'mawa mimba itadzaza mpweya womeza. Mayi a kunyumba, omwe anapirira mkonono wanga zaka zonsezi, usiku woyamba sanagone, akuti bata linawaopsa, ankangondigwira pachifuwa kuti aone ngati ndikupuma.

Pang'onopang'ono ndinaphunzira. Kuvala masiki masana ndikumvera wailesi kuti nkhope izolowere. Kutchera makina kuti ayambe ndi mphamvu yochepa ya 4 n'kumakwera ndikamagona, poti amatha kufika mpaka 20 malinga ndi momwe dokotala walembera. Kutsuka masiki ndi sopo wosanunkhira tsiku lililonse, chifukwa mafuta a pankhope ndi omwe amachititsa kuti izitaya mpweya. Ndiye pali kuzizira kwa kuno kwa mu Juni. Makinawa ali ndi kabotolo ka madzi kofunditsa mpweya, ndipo chipinda chikazizira nthunzi imasanduka madzi m'paipi, umangomva kuti khothokhotho kenako madontho pamphuno. Mayi a kunyumba anasoka kathumba katali ka nsalu ya juzi yakale kovekera paipiyo, makina tinawatsitsa pa kampando kofupika kuposa bedi, zinatha. Magetsi akazima usiku ndimadzidzimuka, n'chifukwa chake ndikusunga ndalama ya batire ndi sola. Ndauzidwa kale kuti pa batire ndizizimitsa chofunditsira madzi chija, chimadya moto wambiri.

Anandiuza kuti ndiziyesetsa osachepera maola 4 usiku uliwonse. Tsiku lomwe ndinafika m'bandakucha masiki ili pankhope, ndinadzuka mutu uli mbee. Ndinakhala pakhonde ndikuyang'ana phiri, misozi ikulengeza. Zaka zonsezi ndinkayesa kutopa kuja ndi ukalamba.

Ndasochera. Ndimanena za dzulo, kapena ndinene lero, poti kunali kutadutsa kale pakati pa usiku.

Sindinafune kugona. Usiku umodzi wopanda makina suupha munthu, koma ndinkadziwa phokoso lomwe ndingachite pamaso pa anthu omwe angomva kumene zonsezi. Ndinatsamira khoma, nditafunda bulangete, ndikusonkhezera moto. Kwaya itatopa, abambo anayamba kugwa m'modzim'modzi. Amalume anagona chagada pa mkeka, pafupi nane.

Ndipo ndinamva. Mkonono waukulu, wokoka, kenako zii. Chifuwa chikukwera n'kutsika koma mpweya osatuluka. Ndinawerenga chamumtima, ndinadutsa 10, ndinadutsa 20. Kenako kubanika kuja kwa munthu wotsamwa, mwendo n'kugwedezeka, mkonono n'kuyambiranso. Posakhalitsa zii wina. Mayi a kunyumba akhala akundifotokozera zimenezi kambirimbiri, koma ndinali ndisanazionepo pa munthu wina ndi maso anga. Thupi langa lonse linazizira, osati chifukwa cha chiperoni. Mkwiyo womwe ndinali nawo unangosungunuka, m'malo mwake munalowa mantha.

Zinthu zinayamba kulumikizana. Amalume amamwa mapiritsi a BP. Amasinza pabwalo milandu ili mkati, anthu n'kumati ndi ukulu. Usiku womwewo anadzuka kangapo kukataya madzi, monga ndinkachitira ine ndisanayambe makina. Ndipo agogo aja a mkonono womveka kutsidya, amalume sanamalize nkhani yawo. Anafa ziwalo mbali imodzi, anakhala pa mkeka osayankhula mpaka kutisiya. Sindinganene kuti unali mkononowo, koma madokotala amanena poyera kuti matendawa akalekereredwa amawonjezera chiopsezo cha sitiroko ndi matenda a mtima.

Kumanda tinaima limodzi. Pobwerera anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Waona, wagona pamaliro ndipo sunafe." Ndinangoti, "Zikomo amalume." Pakamwa panali polemera.

Loweruka tikumananso abale kukambirana za ana amasiye. Ndakhala ndikusinkhasinkha momwe ndingayambire. Pali zina zosalira ndalama: kugona chammbali m'malo mwa chagada, kusiya kachasu wa madzulo poti mowa umafooketsa pakhosi kwambiri, kukawafotokozera a chipatala komwe amatenga mapiritsi zomwe zimachitika usiku. Koma mwana wa mlongo wawo ndingawauze bwanji a mwinimbumba kagonedwe? Mwina ndiyambire kwa akazi awo, ndi amene amamva zonsezi usiku uliwonse. Komanso ndikangotchula kuti ndi matenda, andifunsa kuti nanga mankhwala ake ali kuti, ndipo kumudzi kuja ngakhale polo ya magetsi sinafike.