Nyama yotchipa ya kumapeto kwa mwezi ku Chipata: jambulani mtengo musananyamule

Kudyetsa nyumba yodzaza alendo ndi nyama osatha malipiro onse kumatheka kuno ku Chipata, koma konzekani kupsa mtima. Ine ndangomaliza kumene. Abale a bambo a kunyumba ochokera ku Mchinji amadutsa pa Mwami chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti kupita ku Kulamba ku Mkaika, ndipo pogona pawo ndi pathu pano ku Kapata, popita ndi pobwerera pomwe. Apongozi sungawaikire soya pieces usiku uliwonse. Ndiye ndifotokoze mmene ndayendera, mwina wina apulumukirapo.

Musagule zonse pamalo amodzi. Tomato, anyezi ndi repu ndi za pamsika wa Kapata kapena Saturday Market, kumene ukagula bwino amakuikira mbasela. Saladi ndi mchere ndimatenga ku Down Shops. Kumasitolo akuluakulu otchipa aja ndimapitira nyama basi, nkhuku zozizira za m'mapaketi ndi mixed cut, makamaka pulomoshoni ya kumapeto kwa mwezi ikayamba. Nyamulani chikwama chanu kunyumba, chifukwa chiletsereni mapulasitiki opyapyala mu 2019, pulasitiki ya pa tilu ndi yogula.

Tsono chimene chinandiwawa ndi ichi. Pa firiji ya nkhuku m'sitolo ina panali chikwangwani chofiira, zilembo zikuluzikulu, paketi ya 2 kg yatsika ndi K25. Ndinatenga okwanira alendo onse, ndinaima pamzere umene unafika mpaka kumashelefu a sopo, ndinalipira pa foni. Pakhomo, mlonda akuchonga lisiti, maso anga anagwa pa mtengo wa nkhuku: wakale uja, osatsika ngakhale ngwee imodzi. Ndinabwerera pa tilu pomwepo. Mtsikana wa pa tilu anati, "Amayi, ine ndimangodutsitsa, mtengo uli mu kompyuta. Dikirani a supavaiza." A supavaiza anali kokadya. Ndinaima pambali pa tilu ndi nkhuku zikusungunuka m'chikwama, madzi ofiirira akudontha pansi, anthu akundilambalala. Atabwera anati ndalama yolipira pa foni sabweza pa tilu, pafunika a manijala, ndipo a manijala atuluka. Bwerani mawa.

Mawa lakelo ndinasiya moto uli pa mbaula, ndinalipira njinga kupita ndi kubwera, kukapeza chikwangwani chofiira chija achotsa. Bambo wina wovala tayi anandifunsa mwaulemu ndithu, "Mayi, mwina munaona mtengo wa chinthu china?" Apa ndiye magazi anawira. Ine ndine munthu wamkulu, kuwerenga ndimadziwa. Chimene chinandipulumutsa ndi chithunzi: dzulo lake ndinali nditajambula chikwangwanicho kutumizira mlamu wanga kuti nayenso athamangire pulomoshoni. Ndinawaonetsa, tsiku ndi nthawi zili pomwepo. Anayambanso za netiweki, kuti sisitemu yagwa, ndibwere masana. Ndinakana kusuntha. Ndinawauza kuti lamulo loteteza ogula la 2010, Competition and Consumer Protection Act, limaletsa kulipiritsa munthu kuposa mtengo umene waikidwa poonekera, ndipo ndikachoka pano ndikadandaula ku bungwe loteteza ogula la CCPC. Nditangotchula zilembo zinayizo ndalama inapezeka, ya m'manja, mu drowa yomwe ija ankati singatsegulidwe.

Ndalamayo sinali yochuluka, mwina theka lake linathera pa njinga. Koma taganizani amayi angati anadutsa pa tilu ija tsiku limenelo, ana kumsana, osayang'ana lisiti. Choncho jambulani mtengo wa pa shelefu musananyamule chinthu. Pa tilu maso akhale pa sikirini pamene akudutsitsa, osati pa foni. Ndipo tsiku la pulomoshoni lipirani ndalama ya m'manja, kubweza kwake sikufuna a manijala.

Ndabwerera m'mbuyo pang'ono, pa firiji paja. Paketi ya nkhuku muziigwira ndi manja, muitembenuze. Mukaona ayisi wofiirira ataundana pansi pa paketi, kapena zidutswa zitamatirirana kukhala chibuma chimodzi, nkhukuyo inasungunukapo n'kuumanso. Isiyeni ngakhale mtengo ukukopeni bwanji. Pa chilala cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri, ndipo si firiji iliyonse ya m'sitolo imene jenereta imaifikira bwino. Nyama ya ng'ombe yomata kapepala ka mtengo wotsitsidwa ndimagula, sindinama, koma pokhapokha ngati ikulowa mupoto tsiku lomwelo. Onani deti, nunkhizani, ndipo ikakhala yoterera kapena yayamba kubiriwira m'mbali, ibwezeni pomwe munaitenga.

Mixed cut ya m'mapaketi omangiratu imandikwiyitsanso. Pamwamba amaika minofu iwiri yokongola, pansi mafupa ndi mafuta okhaokha. Bwino kupita pa kauntala pamene akudula, n'kunena ndi pakamwa: "Achimwene, mundiikireko ya pachifuwa ndi ya mwendo, mafuta achepe." Ukawalankhula bwino amamva. Sikelo iyambire pa ziro inu mukuona. Masikelo ogulitsira amayenera kupimidwa ndi a Zambia Metrology Agency ndipo amamatapo chizindikiro, choncho kuyang'ana si mwano. Kubutchala ya m'komboni ndimafuna ndione chidindo cha opima nyama pa chikopa chamkati chija. Nyama yongobwera pa njinga madzulo, yotchipa modabwitsa, mwini wake osanena kumene yachokera, pakhomo panga siilowa. Matenda a anthrax a mu 2023 aja tonse tinawamva, ndipo kuchigwa cha Luangwa anthu adwalapo kangapo chifukwa cha nyama ya mvuu zofa zokha.

Nkhumba ndiyo yotchipa kwenikweni kuno kum'mawa, midzi yathu yadzaza nazo, komanso chifukwa cha chigodola cha nkhumba saloleza kuzitulutsa m'chigawo chino mwachisawawa. Koma nayo ili ndi msampha wake, masese. Uzani wogulitsa acheke mnofu inu mukuona. Mukaona timibulu toyera ngati mpunga mkati mwa mnofu, imeneyo ndi mbewu ya njoka za m'mimba, ndipo njoka zimenezi mazira ake akalowa mwa munthu amatha kufika ku ubongo n'kuyambitsa khunyu. Musagule, ngakhale akuchotsereni theka la mtengo. Yoyera bwino nayonso iphikidwe mpaka pasatsale pofiira paliponse.

Kuphika kwake tsopano. Nyama yotchipa ndi yolimba, ndipo moto waukali umangoiumitsa. Ine ndimaidula, ndimaiika mupoto wokhuthala ndi mchere, madzi osathira kaye. Malasha akhale ochepa pa mbaula, otsala pambali owonjezera pang'onopang'ono. Nyama imatulutsa madzi ake yokha, iwire m'menemo ndi chivundikiro. Akayamba kuphwa thirani madzi otentha, kapu imodzi imodzi, osati ozizira a mumgomo amene amazimitsa kuwira. Ya mwendo ndi ya pachifuwa imafuna maola awiri kapena kuposa, ndiye yambani m'mawa, musayambe alendo atakhala kale pamphasa. Ikafewa siyani madzi aphwe, ikazingike m'mafuta ake omwe mpaka ifiire, saladi pang'ono chabe ngati mafuta achepa. Pamenepo ndi pamene anyezi amalowa, kenako tomato, kenako timadzi ta supu. Tomato mukamuika koyambirira amangopserera pansi pa poto nyama isanapse. Apongozi anga mano anawathera, koma ya pachifuwa yophika chotere anadya osapempha mpeni.

Nkhuku ya m'paketi ndi nkhani ina. Ili ndi madzi ambiri, ukaiponya m'mafuta otentha imangothetheka n'kuwira, osafiira. Isungunuke kaye m'beseni lovundikira pamthunzi, osati padzuwa, tayani madzi akewo kutali ndi ndiwo zamasamba, sambani m'manja ndi sopo, tsukani mpeni ndi thabwa. Ikani mupoto wouma ndi mchere ndi adyo, madzi ake aphwe okha, kenako saladi. Siifuna nthawi ngati nkhuku ya kumudzi, mukaichedwetsa imaphwanyika. Koma pafupa pasakhale magazi.

Zija zinasungunukira m'chikwama ndikudikira a supavaiza sindinazibwezere mu firiji, ndinaphika zonse madzulo omwewo. Nkhuku ikasungunukira pa kutentha kwa kuno siyoumitsanso. Ndi chifukwa chake ndikubwereza: jambulani mtengo, yang'anani sikirini, kuti nkhondo yanu ithere pa tilu nyama ikadali youma.

Kusunga yotsala ndiye mutu wina. Firiji yoimirira yokha yodzaza bwino imasunga kuzizira pafupifupi masiku awiri magetsi atazima, ngati simukuitsegulatsegula. Ikakhala theka, dzazani mpata ndi mabotolo a madzi aume momwemo, ndipo ana muwaletse kufunamo madzi akumwa. Nyama muigawiretu m'timapaketi ta mphika umodzi umodzi, kuti potulutsa musasungunule yonse. Koma ine chimene ndimadalira kwambiri ndi kuwamba, monga ankachitira agogo. Minofu ndimailenga mizere yopyapyala, mchere wambiri, waya pamwamba pa mbaula, moto wa makala ofiira opanda malawi, kutembenuza mpaka iume gwa. Ndimaipachika m'dengu pamalo podutsa mphepo, pamene mphaka ndi ntchentche sizifika, ndipo pakapita masiku ndimaiwambanso pang'ono. Pophika iviikeni m'madzi ofunda, iwire mpaka ifewe, kenako nsinjiro za Chalimbana ndi tomato mmodzi. Alendo a ku Mchinji pobwerera ku Mkaika anadya imeneyi, ndipo azilamu anapempha yonyamula.

Mafupa a mixed cut aja musataye, munawalipira pa sikelo. Ndimawawiritsa pamodzi ndi nyemba za ku Lundazi kuyambira m'mawa, saladi osathira n'komwe chifukwa mafuta a m'mafupa amakwana, ndipo poto mmodzi amadyetsa ana nkhomaliro ndi mgonero.